Chifuwa cha Kapitawo

Lachiwiri, 14 Juni

Okondedwa amayi a kunyumba,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu, akamwini, ndiponso mwamuna wanu watsopano wopanda manoyo, amene wakulandani kwa ine. Ndamva kuti amalira mpaka kucha ndipo simumukalipira. Ine ndikangoliza mkonono pang'ono mumandigunda ndi chigongono. Chabwino, ndaona kumene kuli chikondi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Chifukwa chake ndinena kumunsiku. Musadumphe mizere, ndimakudziwani.

Nkhani ndi ya Kapitawo. Galu wathu uja, kapena ndinene galu wanga poti inu mumati mulibe naye chibale, wadwala chibayo. Mutangochoka anayamba kutsokomola ngati injini yokana kulira m'mawa, kenako anasiya kudya. Ndinabwereka wilibala kwa atelala oyandikana nafewa, n'kumukweza kupita naye kwa dokotala wa ziweto kuseri kwa msika. Panjira anthu ankafunsa ngati ndikugulitsa, ine ndinkati ayi, awa ndi abwana, galimoto yawo ili kugaraji. Zaka zonse zija ndikuwongola magalimoto ogundidwa kapitawo ankangotiuwa, ndiye galuyu ndinamupatsa dzinali kuti nanenso ndilamulireko kapitawo. Taonani lero, ndine ndikumukankha iye atakhala phee.

Dokotalayo ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu, wosaseka msanga. Anamupima, anamujambula pachifuwa, n'kuyamba kutchula matenda ngati mphunzitsi akuitana maina m'kalasi: chibayo, mtima wotupa, nyamakazi m'miyendo yakumbuyo, ng'ala m'diso lamanzere, impso zotopa. Ndinafunsa ngati chilipo chimene chatsala chabwino. Anati mchira. Apo ndinadziwa kuti tigwirizana.

Kenako anandiuza mosabisa kuti kwa galu wokalamba chonchi njira zilipo ziwiri: jakisoni woti agone osadzukanso, kapena ntchito ya tsiku ndi tsiku yosadumphitsa. Ndinasankha ntchito, poti ulova unanditopetsa kale.

Ntchito yake ndi iyi, ndipo ndimeyi muiwerenge bwino. M'mawa ndi madzulo ndimawiritsa madzi, kuthira m'beseni, n'kudzitsekera m'bafa ine ndi iye kuti apume nthunzi. Makhololo akafewa ndimamuimiritsa, dzanja limodzi pansi pa mimba poti miyendo yake ndi yongokongoletsa, linalo ndikuwomba nthiti. Dzanja lisatambasuke ngati mukumenya mbama. Likhale ngati mukutunga madzi akumwa, lizilira phu phu phu, osati pha pha pha. Mbali iyi, kenako inayo, mpaka atsokomole n'kutulutsa zoipazo. Mapiritsi ndimabisa m'tizidutswa ta chiwindi. Poyamba ankadya chiwindi n'kulavula piritsi lili mbee ngati alichapa, ndiye tsopano koyamba ndimamupatsa kopanda kanthu, kachiwiri ndiko ka msampha, kenako ndimamuonetsa kena pamphuno kuti ameze mwachangu. Piritsi la mtima limamukodzetsa pafupipafupi, choncho ndimamukoleka thaulo pansi pa mimba n'kumutulutsa panja ngati ndanyamula chikwama. Za thaulo lake musafunse. Chakudya ndi mpunga ndi nkhuku yowiritsa yopanda mchere, chifukwa cha impsozo. Iye amadya nkhuku, ine msuzi.

Pali zina zoti muzimve kwa ine musanazimve kwa akazi a atelala. Kapitawo akugona pabalaza. Dokotala analetsa kuti azizizidwa, ndipo pakhonde paja mphepo imachita kusewerapo. Ndikukumbuka munalumbira kuti galu akadzalowa m'nyumba mwanu inu mudzatuluka, koma poti munali mutatuluka kale, ndinaona kuti lamulo silinasweke. Beseni ndi lanu lija labuluu. Bulangete ndi lija la alendo, ndipo ndi mlendo ndithu, chibadwire anali asanalowepo m'nyumba.

Sabata yatha tinapitanso kukaonetsa. Dokotala anaika chomvetsera chake pachifuwa cha galu, m'chipinda muli zii, ndiye panamveka kutsokomola kwakuya, kokoka. Dokotala anadzutsa mutu.

"Watsokomola ndani?"

Ndinaloza Kapitawo.

"Agogo, galuyu ndamugwira kukamwa ndine."

Anati galu akupezako bwino, mapapo ayamba kuyera, koma wodwala weniweni ndi amene wabwera akukankha wilibala. Ndinamupempha kuti angondipima pomwepo, poti tebulo linalipo ndipo mapiritsi a Kapitawo akuoneka kuti ndi amphamvu. Sanaseke. Anati mankhwala a galu sandipatsanso mpaka nditapita kuchipatala cha anthu. Mwana wa eni ake ameneyu ndi wouma mtima ngati inu nomwe.

Ndinapita. Nakonso anandijambula, ndipo chithunzi changa ndi cha Kapitawo mutaziika pamodzi simungadziwe kuti wamchira ndi uti. Chibayo. N'chifukwa chake masiku ano foni imaduka tikangopatsana moni. Si netiweki ayi, ndine ndimadula chifuwa chikamabwera, poti makutu anuwo amamva ngakhale ndikutsegula chitini cha shuga inu muli panja.

Adokotala a anthu anafuna kundigoneka tsiku lomwelo, akuti pa msinkhu wangawu mapiritsi okha sakwanira, pafunika mankhwala a m'mitsempha ndi mpweya. Ndinawauza kuti ndili ndi wodwala kunyumba. Anafunsa ngati ndi mayi, ndinati ayi, mayi ndi achitsulo, ndi akapitawo anga. Anandipatsa mapiritsi monyinyirika n'kunena kuti ndikapanda kusintha ndibwere ndi chikwama. Sindinasinthe. Kuchoka kukhitchini kufika kubafa ndi ketulo ndimapumira panjira, ndipo dzulo powomba nthiti ndinatopa ine galu asanatsokomole. Tinangokhala pansi tonse awiri m'nthunzimo, kuyang'anana ngati anthu odikira basi.

Wondigwirira ntchitoyi ndamufuna ndithu. Atelala anavomera, koma atangoika dzanja pa nthiti, Kapitawo anawaonetsa mano ake otsalawo, ndipo chiwindi cha m'manja mwawo anangochinunkhiza n'kutembenuza mutu. Atelalawo anadandaula kuti sanakanidwepo ndi galu. Ndinawatonthoza kuti akazi anawakana ambiri, azolowere. Akazi awo anayesanso, chimodzimodzi. Dokotala wa ziweto malo ogonekapo agalu alibe, ndipo wanena kuti tikangodumphitsa masiku ochepa makhololo adzadzaza mapapo, ndiye padzatsala jakisoni uja basi.

Galu ameneyu amadya za m'manja mwa anthu awiri okha pa dziko lino. Musakwinye nkhope. Mumayesa sindinkaona? Zenera la kubafa limayang'ana kuseri kwa khitchini. Zaka zonsezi mwakhala mukumutukwana kumaso kwa nyumba kuti chigalu chonunkha, koma kuseri mumamupatsa khungu la nkhuku, n'kumamukanda pakhutu ndi chala chakuphazi uku mukumufotokozera mavuto anu, ambiri mwa iwo ndili ine. Sindinanene kanthu poopa kuti mungasiye. Chichokereni inu, akatha kudya amadzikoka mpaka pachitseko cha khitchini n'kugona pomwepo, mphuno ili pampata wapansi paja.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndawalonjeza adokotala kuti Lolemba ndikagona kuchipatala. Lonjezoli ndilisunga ngati pali munthu wa beseni. Mukapanda kubwera sindikudziwa kuti nditani, poti kumubayitsa iye kuti ine ndikapume mpweya wa m'botolo, mtima ukukana. Ndikudziwa kuti mwana wathu akukufunani ndipo khanda silidikira munthu. Koma kumeneko kuli apongozi ake aakazi, manja alipo. Kuno manja ndi awiri okha. Taonani zilembozi, ngati padutsa nkhuku.

Mwanayo musamuuze zonse, nkhawa ingamuumitse mkaka. Mungomuuza kuti bambo ake awononga nyumba, zomwenso ndi zoona.

Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi yam'mawa, uja ndinamuwongolera chitseko. Akuti Loweruka mpando wakutsogolo ausunga, mubwere musabwere. Mukalowa m'nyumba musayambe ndi za bulangete, yambani mwatereka madzi. Kukalipa mudzachitire kuchipatala pa nthawi yoonera odwala, pamene sindingathawe.

Moni kwa mwana wathu ndi akamwini. Mwamuna wanu watsopanoyo mumuuze kuti ndangokubwerekani, ndidzakubwezani. Iye zaka zokuonani ali nazo zambiri, ine ndi Kapitawo zathu sitikuzidziwa. Kalatayi ndamuwerengera Kapitawo yonse kuti anene ngati penapake ndanama. Anangogona osalabadira, mpaka pamene ndinayesera mawu anu, muja mumanenera kuti chigalu iwe choka apo. Anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kukhitchini, mchira ukugunda pansi. Akuyang'anabe.

Madzi awira, ndalekeza pano.

Ndine mwamuna wanu wakale, wosamva uja,
Bambo a mwana.