Khoma Ladutsa Pakati pa Chimbudzi

Lolemba, 3 Malichi

Apongozi akadali m'chipinda chathu. Ine ndi mkazi wanga pabalaza, pa matiresi. Anabwera kudzacheza sabata imodzi, chaka chatha. Koma lero uthenga wokoma: malo agula, njerwa zilipo. Akuti, "Bambo, si inu ojambula mapulani? Ndijambulireni kanyumba ndikuchokereni pano." Ndavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Mtima mbee!

Lachitatu, 5 Malichi

Ku ofesi kompyuta ndi imodzi, anthu awiri. M'mawa Chimapaipi, wojambula mapaipi a madzi. Masana ine wa makoma. Nkhondo yathu ndi kamuvi ka pa sikirini. Ukamajambula mzere, kamadumpha kokha n'kukagwira penapake: kumapeto kwa mzere wina, pakati pa chozungulira, kapena paliponse pafupi. Ziwiri zikayandikana, kamatsata chimene unakauza kuti chikhale choyamba.

Ine ndimaika kumapeto patsogolo, poti khoma limakumana ndi linzake pakona. Iye amaika pakati pa chozungulira, poti dziko lake lonse ndi mapaipi. Tsiku lililonse kusinthirana, ngati ana olimbirana wailesi. Lero akuti, "Achimwene, kumapeto n'kwa anthu otaya mtima." Munthu wamkulu, wandevu zake.

Lachisanu, 7 Malichi

Pulani ya apongozi yatha. Mobisa, bwana ali ku msonkhano. Liwiro lake! Sindinayang'ane n'komwe kuti kamuvi kakutsata za ndani lero. Kamangogwira, ine n'kumangodina. Ndasindikiza, ndapereka kwa mmisiri womanga nyumbayo. Pobwerera ndagula pilo watsopano wa pabedi langa. Langa!

Lachiwiri, 25 Malichi

Mmisiri akuti makoma afika m'chiuno. Apongozi ayamba kulongedza. Ndawabwereka sutikesi yanga, ndawathandiza ndi kupinda komwe. Msana ukuwawabe, koma masiku ano ndikumayimba m'bafa.

Loweruka, 5 Epulo

Mayo ine.

Tinapita tonse kukaona nyumba. Khoma la chipinda chogona, m'malo mokafika pakona, layenda chopingasa n'kudutsa pakati penipeni pa chimbudzi. Theka la mpando wa chimbudzicho likhala kubafa, theka kuchipinda kwa apongozi, pafupi ndi bedi. Kamuvi kanasiya kona n'kukagwira pakati pa chozungulira cha chimbudzi. Za Chimapaipi zija.

Mmisiri akuti, "Bwana, ndinadabwa ndithu, koma ndinati mwina ndi zamakono." Apongozi anayang'ana khoma, n'kuyang'ana ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kuthamanga sikufika, lero ndavomera.

Lamlungu, 6 Epulo

Ndinayesa kuwafotokozera apongozi za kamuvi, kuti asamati ndine wamisala. Ndinajambula papepala: apa kumapeto, apa pakati, apa paliponse pafupi. Anamvetsera bwinobwino, zachilendo. Kenako anafunsa, "Nanga ya paliponse pafupi ija?" Ndinati imeneyo ndiye yoipitsitsa, timaiika pomalizira penipeni, chifukwa imangogwira chimene yapeza, osasankha.

Anagwedeza mutu n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Iwe unaika imeneyo patsogolo. Paja bambowa ankakhala nyumba yoyandikana nafe."

Mkazi wanga anaseka mpaka misozi. Ndimadikira kuti atsutse. Ndikudikirabe.

Lolemba, 7 Epulo

Ndamuonetsa Chimapaipi chithunzi cha khoma. Manyazi alibe. Akuti, "Koma taonani, lalasa pakati ndendende!" Ndabwezera kumapeto patsogolo, ndamata ndi kapepala pa sikirini: OSAKHUDZA. Pobwera kotenga tiyi ndapeza wajambulapo kapaipi.

Khoma liyenera kugumulidwa. Mmisiri wapita kukagwira ntchito ina, akuti tionana ikatha. Itha liti, sakudziwa.

Kunyumba ndapeza sutikesi yanga pakhomo la chipinda, yopanda kanthu. Pilo wanga watsopano ali pabedi, apongozi atsamira. Akuti za nyumba ija tisavutike nazo, palibe changu. Ndingowajambulira chipinda china pano pathu pompano, poti aona kuti ndimadziwa kuika chimbudzi pafupi ndi bedi.