Kukhalira Manja

Lolemba, 3 Malichi

Mwezi womaliza wondiyesa ntchito. Ukatha, kaya andilemba, kaya ndibwerera ku choko. Bambo pafoni: "Unasiya uphunzitsi kuti uzikajambula mabatani? Achimwene ako akamanga mlatho anthu amauona." Ndaseka, koma zandiwawa. Ndawafotokozeranso kuti ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti munthu akatsegula pulogalamu pafoni asasochere. Iwo akuti eya, mabatani omwewo.

Pulogalamu yathu ndi ya anthu a maso ofooka. Ulozetsa foni pa bokosi la mankhwala, iyo ijambula, makina anzeru a AI awerenga n'kukuuza mokweza kamwedwe kake. Chinthu chabwino ndithu. Vuto ndi lakuti chithunzi chikakhala chosaoneka bwino imangolota, koma mawu ake osagwedera m'pang'ono pomwe.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndakonza tsamba latsopano la m'pulogalamuyo. Makina akakayika azinena: "Musamwe kaye. Sindikuona bwino. Funsani munthu." Pansi pake batani limodzi lalikulu loimbira wachibale.

A Jekete akana. Ndiwo mkulu wa olemba mapulogalamu, ndipo jekete savula ngakhale kutenthe chotani. "Chinthu chovomera chokha kuti sichikuona, angachikhulupirire ndani? Imalakwitsa mwa apo ndi apo." Si munthu woipa, kungoti makinawo amawaona ngati mwana wawo woyamba. Abwana ati tikaonera poyesa ndi anthu sabata yamawa, ndipo wotsogolera ndine.

Lachisanu, 7 Malichi

Kuyeserera. Manyazi okhaokha! Lamulo lake: umpatse munthu foni, iwe ukhale chete. Akasochera umusiye, chifukwa pamene wasocherapo ndi pamene ife talakwitsa. Koma uphunzitsi uli m'magazi. Mlembi wa muofesi atangokayika pang'ono, chala changa chafika kale: "Dinani apa." Abwana: "Aphunzitsi, pano sitikhozetsa ana mayeso. Manjawo muwakhalire." Ofesi yonse kuseka. Dzinalo landikakamira basi.

Lachitatu, 12 Malichi

Lero! Kachipinda, tebulo, mipando iwiri, ndi galasi lomwe anzanga amaonerera ali kuseri. Mabokosi enieni a mankhwala, m'kati maswiti, ndipo aliyense timamuuziratu. Kwabwera bambo wina wachikulire, dalaivala wopuma, magalasi omanga ndi ulusi. Ine manja pansi pa ntchafu, kuwakhaliradi.

Dzanja lawo kunjenjemera, chithunzi mbuu. Pa bokosi palembedwa piritsi limodzi patsiku. Foni, mosachita manyazi: "Mapiritsi awiri, katatu patsiku." Pakamwa panandiyabwa, ndinachita kuluma mlomo. Iwo atenga awiri, ameza, kenako aiweramira foni: "Zikomo kwambiri, adokotala."

Ndinaganiza za bambo ndi mapiritsi awo a BP. Titamaliza ndawauza zoona zake. Anangoti, "Koma inalankhula ngati ikudziwa, mwanangu."

Potuluka ndapeza a Jekete ali chilili pagalasi, jekete lili pampando. Kuyamba lero kuona mikono yawo. "Tsamba lija munditumizire lero lomwe."

Ndakavina ndekha kuchimbudzi, mpopi uli wotsegula kuti asandimve.

Lachisanu, 21 Malichi

Sindinalembe, kutopa. Masiku onsewa ine ndi a Jekete tebulo limodzi, makapu a tiyi mbwee. Iwo apeza njira yoti makina azizindikira pamene akukayika, ntchito yomwe ine sindikanaitha ngakhale kumaloto. Takangana pa mawu. Iwo amafuna kuyamba ndi kupepesa, ine ndati munthu ali kale ndi piritsi m'manja, choyamba amve n'chakuti asamwe. Ndapambana.

Dalaivala uja tinamuitananso. Foni itati sikuona bwino, anaiyang'ana cham'mbali: "Ndiye ukanatero tsiku lija!" Kuseri kwa galasi kunamveka kuseka, ngakhale amati mawu sadutsa.

Lolemba, 31 Malichi

Andilemba!!! Abwana: "Anthu odziwa kujambula ndi ambiri. Oti akhale chete munthu akuvutika, n'kukumbukira zonse zomwe aona, ndi ochepa." Ine amene ana ankanditcha wailesi! A Jekete andipatsa mpando wapawindo, akuti iwo dzuwa limawatentha. Avule jeketelo.

Ndaimbira bambo. "Chabwino," basi. Ndinkayembekeza chiyani kaya.

Loweruka, 5 Epulo

Kwa bambo. Ndawaikira pulogalamu pafoni yawo, n'kupita kukawiritsa madzi a tiyi kuti ailowe okha. Poyamba imafunsa woti izimuimbira ikakayika. Sindinafunse kuti asankha ndani, n'zodziwikiratu, achimwene a mlatho aja.

Pobwera ndawapeza ndi bokosi lawo la BP, foni mozondoka. Atembenuza. Chala chaphimba kamera. Ang'ung'udza. Ine phee. Kenako foni: "Musamwe kaye. Sindikuona bwino. Funsani munthu."

Aseka mpaka kutsokomola. "Ndiye tilipo awiri osaona! Koma ameneyu ndi waulemu, sanama." Afufuza ndi chala, apeza batani lalikulu lija okha, adina.

M'chikwama changa foni yayamba kulira.

Iwo foni kukhutu, maso pa ine, nkhope ngati sakundidziwa: "Tayankhani, a mabatani, pali odwala kuno."

Ikulirabe. Ndati nditenge, ndapeza manja onse awiri ndawakhalira.