Jekete ya Bambo Yalowa m'Thanki

Geelong
11 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Garrick,

Ndikhulupirira ku Perth mukugona tulo tabwino. Munachita changu pokonza nyumba ya bambo: zonse m'matumba, matumba ku shopu ya kaunjika, inu pa ndege. Madigiri anu awiri aja sanakuuzeni kuti muyambe mwasuzumiramo?

Jekete yawo yabuluu, ya timu ya mpira ija ankaphunzitsa, inapita nawo matumbawo. Chilowereni kunyumba ya okalamba, bambo aiwala dzina langa, koma jeketeyo sanaiiwale. Akukana kudya. Dzulo anakankha mbale nkunena kuti, "Iwe mtsikana, kochi sadya asanavale. Waibisa kuti?" Namwino akuti zikapitirira chonchi awagoneka m'chipatala, ndipo ndi mmene awondera, sindikudziwa ngati angatulukemo.

Ndinapita ku shopu kuja. Mayi wogulitsa anati, "Zosagulika timatumiza kwanu konko, mwanawe."

Kwathu, achimwene! Ku fakitale kuja mumati ndimakatsuka zinyalala chifukwa yunivesite inandikanika. Nsalu ya poliyesitala, ngati ya jekete ya bambo, ndi pulasitiki yemweyo wa mabotolo. Timaidula pa makina, kuithira m'thanki yofunda, ndiye ma enzaimu, mankhwala ochokera ku mabakiteriya, amaisungunula yonse.

Lolemba ndinaona mkono wa jekete yabuluu ukukokedwa ndi makina. Ndinadina batani lofiira, zonse zinaima. Abwana athu, a Kowalski, anabwera akuthamanga.

"Narelle, wapenga? Thanki ikazizira ma enzaimu sagwira ntchito!"

"Muli jekete ya bambo anga."

"Muli majekete a bambo a aliyense mmenemo! Chotsa dzanja."

Sindinachotse mpaka anachita kundikoka. Sizinathandize, jekete inali itadulidwa kale.

Koma ma enzaimu amadya pulasitiki yekha, thonje salikhudza. Lero potsuka sefa ndapeza kansalu ka thonje kamene malemu amayi anasokerera pachifuwa pa jeketeyo. Makina anakadula, patsala dzina la bambo lokha: DES. Ndinalowa m'chimbudzi kwa kanthawi. Musafunse.

Ndagula jekete ina yabuluu, ndaichapa mpaka yasuluka, ndasokererapo kansaluko. Sikufanana kwenikweni, zipi yake ndi ina. Ndikawapatsa ine aikana, poti kwa iwo ndine wantchito wakuba. Inu amakudziwanibe. Amakutchulani tsiku lililonse, inu amene simubwera. Ngati angailandire, ailandira kuchokera m'manja mwanu.

Ndiye kalatayi ikangofika kwerani ndege. Za misonkhano yanu musandiuze. Mukawaveke nokha, muwayang'ane m'maso, muwauze kuti inali kochapitsa. Mukaname bwino, achimwene, mpaka anyamule supuni. Ine ndikaima panja, kuti nkhope yanga isakuwonongereni.

Moni kwa alamu ndi ana. Bambo sanapereke moni, angofunsa ngati mwana wawo akubwera. Ndawauza kuti inde.

Ndine mlongo wanu, amene ali kuno,
Narelle