Foni ya Pamaliro a Maziko

Landover, Maryland
14 Okotobala 1995

Okondedwa achemwali anga a Modesta,

Kalatayi sinadzere ku positi. Ndapatsira a Cynthia, mnzanga wa kutchalitchi wogwira ku banki, amene akubwera kumeneko pa ntchito. Mukawerenga muiotche.

Thupi lili bwino, ntchito yosamalira nkhalamba ikuyenda, koma mtima suli m'malo chimvereni kuti asilikali anadzatenga alamu a Mac pakhomo panu. Ndamvanso kuti mukuloza chala Agatha woyandikana nanu uja, kuti ndiye anakawanenera. Achemwali, msiyeni mayiyo. Wolakwa ndine.

Mukukumbuka Loweruka lija titamva kuti mwana wanu Maziko watisiya? Amalawi a kuno anadzaza nyumba yanga, ena kuchokera ku Woodbridge komwe. Titapemphera ndinakuimbirani, ndipo monga timachitira, foni inayenda dzanja ndi dzanja kuti aliyense apepese. Munandichenjezapo kale kuti kuyambira pamene asilikali analanda boma m'dziko mukukhalamolo, foni yochokera kunja samaimvera anthu awiri okha. Ndinkadziwa. Koma ndinati mumtima, ndani angatchere khutu anthu akulira?

Pakona panali George, mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya dziko lomwelo, amene alamu anamuphunzitsa ku yunivesite. Foni itamufika anapukusa mutu n'kupinda manja. Mukundidziwa ine ndi pakamwa pangapa. Ndinamuchititsa manyazi pagulu kuti tiyi wamwa, mpunga wadya, koma mawu awiri a pepani akumulemera.

"Kwathu pamaliro sitidumpha munthu," ndinatero, n'kumukanikiza foni kukhutu.

Atangomva mawu a alamu, misozi inamugonjetsa. Anatchula dzina lake lonse. Anawathokoza kuti anamubisa m'buti ya galimoto mpaka kumalire, nthawi imene asilikali ankamusaka chifukwa cha zolemba zake. Alamu anangoti, "Mwasokoneza munthu, bambo," foni n'kudula. Nkhani imeneyi ine sindinkaidziwa, George anali asanauzepo munthu. Patangotha masiku atatu, inu munatsala nokha ndi ana, nsalu yakuda ili m'thupi.

Malamulungu anayi tsopano ndakhala ndikukufunsani pafoni za mvula ndi sukulu ya ana, chilungamo ndili nacho kukhosi. Mantha a omvetserawo analipo, inde, koma ndinkaopa kwambiri inuyo.

A Cynthia akudziwa anthu kuno amene amalembera maboma makalata ofunsa za omangidwa. Akuti dzina likamveka kunja, munthu savuta kumupeza wamoyo. Muwapatse chithunzi cha alamu ndi tsiku limene anatengedwa, pamanja, muli awiri.

Pempho lina likundichititsa manyazi. Lamulungu ndiimbanso, ndi linalo, chifukwa ndikangosiya omvetsera aja adabwa n'kuyamba kukumba. Ngakhale mutandida, mundiyankhe ngati kale, munditchule mng'ono wanu, museke pomwe mumaseka. Zonditukwana mulembe papepala mupatsire a Cynthia. Ndidzawerenga zonse, osadumpha mzere.

Moni kwa Priscilla ndi Greyson, muwauze kuti mayi awo aang'ono amawakonda. Agatha mukamupepese m'malo mwanga. Koma akadzakulolani kukaona alamu, moni wanga musawapatse. Dzina langa lisamvekenso pafupi ndi iwo.

Ndine mng'ono wanu,
Dyna