Botolo la Vodika M'chikwama Changa

Achemwali a Cholpon,

Mukufunsa ngati ndili bwino? Ndili bwino, zikomo, nanga inu mwapindulanji? Botolo munaliona m'chikwama changa lija si lakumwa ayi! Tikamajambula ndi utoto kunkhalango yakuphiri m'nyengo yozizira, madzi osungunulira utoto amaundana, burashi n'kuuma gwa, ndiye timathiramo mowa wa vodika pang'ono kuti asaundane. Aphunzitsi athu ndi amene anatiuza. Inu osandifunsa n'komwe, liwiro kukauza bambo.

Bambo akuti, "Mwana wamkazi chidakwa? Sukulu yojambula ya ku Bishkek uiwale." Chithunzi cha kanjira kokutidwa ndi chipale chofewa, chomwe ndimafuna kutumiza kumayeso, achiponya pamoto.

Lamlungu kukubwera alendo, akuti ali ndi mnyamata woti andikwatire. Mayi sakundiyang'ana kumaso.

Moni kwa alamu. Bambo amamvera inu, ndiye auzeni zoona Lamlungu lisanafike.

Ndine mng'ono wanu,
Aiperi