Nkhuku Imene Mayi Gunnel Anakana

Lolemba, 3 Novembala 2025

Tsiku ladziwika. Mayi Gunnel anyamuka pa 15, Loweruka. A Henrik, mwana wawo, anena m'mawa uku akumanga tayi, ngati akukamba za nyengo. Malo apezeka kunyumba ya okalamba ku Uppsala, kwawo ku Sweden. Ine nditsala, ndizisamala nyumba ndi ana. Za ntchito sindikudandaula.

Zaka ziwiri ndi miyezi itatu, chithyokereni chiuno mayiwa. Kuwasambitsa. Kuwayendetsa ndi chogwirira chawo mpaka pa lifiti n'kubwerera. Khofi wa 3 koloko, amene sangamuphonye ngakhale nyumba itayaka. Munthu anakhala phungu zaka khumi ndi ziwiri, kazembe m'mayiko atatu, lero amakangana nane za masokosi.

Ndikufuna kuwatsanzika ndi chitenje chija cha nkhanga chimene Jessie, mng'ono wanga, ananditumizira kuchokera ku Mchinji. Sindinachivalepo. Vuto n'lakuti mayiwa salandira mphatso. Ndi lamulo lawo kuyambira pomwe analowa m'boma. Pa Khirisimasi anabweza ngakhale maluwa a dokotala. Nanga akandibwezera ine? Ndiye kuti zaka zonsezi ndinali manja ndi miyendo basi.

Lachiwiri, 4 Novembala

Kutentha kwayamba kuchepa. Tinakhala pakhonde, makina a omanga ali phokoso mbali zonse za dera lathu lino la JVC. Mutu 6 wa buku la moyo wawo. Maso anafooka, ndiye masamba a Chingerezi amene akukonzera adzukulu ndimawerenga ndine, iwo n'kumakonza.

Lero za kunyumba ya malamulo. Analowa ali ndi zaka 31, a Henrik ali kubere. Ankayamwitsa m'kachipinda kokolekamo majasi. Mdala wina anawafunsa ngati abwera kudzalembera mabwana makalata. Anamenyera nkhondo malo osungirako ana a amayi apantchito mpaka zinatheka. Apa ndinawaombera m'manja, anaseka.

Khofi ndapereka nditagwada, moiwala. "Lennah, dzuka. Munthu sagwadira mnzake." Nyimbo yake yomweyo tsiku ndi tsiku. Amafunanso ndiziwaitana Gunnel basi, ngati tinkasewerera limodzi phada. Lilime limakana.

Lachinayi, 6 Novembala

Mutu 9. Ndikanadziwa ndikananamizira chifuwa.

Chaka cha 1988, ali kazembe kuchigawo chathu. Anapita kumudzi wina cha kumalire a Zambia ndi Malawi kukatsegulira chipatala cha amayi. Magule, zolankhula. Pomaliza mayi wina wachikulire anabwera akuyenda ndi maondo, nkhuku yoyera m'manja, miyendo yomanga ndi luzi. Mayi Gunnel anamuimiritsa, nkhuku n'kuikana, anthu onse akuona. Womasulira anawanong'oneza kuti alandire, iwo toto. Alemba kuti chipatala ndi ufulu wa anthu, sichithokozedwa ndi nkhuku, komanso mayiyo ndiye ankaisowa nkhukuyo kuposa iwo. Alemba monyadira. Mutuwo autcha Manja Oyera.

Ndinawerenga mpaka kumapeto, mawu osagwedera. Koma m'maso mwanga munali mayi uja, akubwerera pamkeka nkhuku ili kukhwapa, anzake atazyolika. Kumudzi zotere saiwala. Mwina mpaka tsiku la maliro ake ankamuti uja mzungu anamukanira nkhuku.

"Bwanji wangoti zii?" anafunsa Mayi Gunnel. Ndinati ndikaone mpunga.

Lamulungu, 9 Novembala

Tchalitchi, kenako kumsika wa ku Deira ndi Matildah, mnzanga wa ku Chipata uja wa kusaluni. Tinawoloka pa abra, kabwato kakuno kaja, kamphepo kabwino. Ndinamufotokozera zonse.

"Iwe khalas, basi, siya nkhalamba iyende na buku yake. Uzamuchinja ali na 82? Na chitenje usapase, azakuchitisa nsoni chabe." Matildah sachedwa kugamula mlandu.

Mwina akunena zoona. Koma adzukulu aja adzawerenga kuti agogo awo anachita bwino, ndipo mayi wa nkhuku alibe womuyankhulira. Zandivuta mumtima.

Lolemba, 10 Novembala

Ndanena.

Anayamba ndi iwo, pa khofi. Akuti anakhala zaka makumi awiri patebulo ndi anthu osagwirizana nawo, chete wa munthu wotsutsa amamudziwa. "Ndiwe wa komweko. Lankhula."

Ndinati nkhuku ija sinali malipiro. Kwathu mlendo wolemekezeka sabwerera chimanjamanja. Wosauka akakupatsa kanthu amakhala akunena kuti nanenso ndine munthu, ndili nacho chopatsa. Mwina amayi onse anakhala pansi n'kusankha iyeyo kuti akawaimire. Kumukanira n'kumuuza kuti ndiwe wotsika kwambiri, kwa iwe sindingalandire kanthu.

Anati ankamulemekeza, n'chifukwa chake anamuimiritsa. Ndinati ndikudziwa. Koma mukanalandira ndi manja awiri, nkhukuyo n'kukaisiya kukhitchini ya chipatala chomwecho, lamulo lanu silikanathyoka. Anafunsa kuti bwanji manja awiri. Ndinati dzanja limodzi n'lolandirira chenje kusitolo.

Anakankhira kapu pambali. Khofi watsala theka m'kapu. Sizinachitikepo.

Lachitatu, 12 Novembala

Masiku awiri mawu ake ndi inde, ayi, zikomo. Kuwerenga kulibe. Ndapinda majuzi, ndalongedza zithunzi: iwo ali pa nsanja, iwo ali ndi azibambo a masuti khumi ndi anayi, mkazi yekhayekha pakati.

Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma khutu la zaka 82, kutatsala masiku asanu, ndinalitsiniranji? Munthu wamanga moyo wake wonse pa manja oyera, ine n'kumuuza kuti anapweteka nawo munthu. Ndikudzimvera chisoni, iwonso ndikuwamvera chisoni.

Chitenje ndabwezera pansi pa sutikesi yanga.

Lachisanu, 14 Novembala

Andiitana m'mawa, tsamba limodzi m'manja. Mutu 9. Manja Oyera akhwatcha ndi cholembera chachikulu chija cholembera makatoni. Nkhani yonse aisiya momwe inalili, sanadzikometse. Pansi awonjezera okha, zilembo zikuluzikulu zopendekeka. Anati ndiwerenge mokweza.

"Ndinalakwitsa. Ndinayang'ana nkhuku, mayiyo sindinamuyang'ane. Ngakhale dzina lake sindinafunse."

Ndinawerenga. Anati ndibwereze. Kenako anafunsa ngati masokosi a ubweya ndalongedza. Tinakangana pang'ono, mtima wanga unakhala m'malo.

Koma kulemba n'kwina, kulandira n'kwina. Chitenje ndachitulutsa, ndachisita. Mawa kaya.

Loweruka, 15 Novembala

Apita.

Galimoto inali pansi 9 koloko, a Henrik ali yalla yalla ndi zikwama, kutifulumizitsa. Mayi Gunnel ataima pakhomo, jasi pamkono wa mwana wawo, manja onse pa chogwirira. Ndinabwera nacho chitenje. Sindinagwade. Ndinati lero lokha ndichite zawo. Ndinangotambasula manja.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lamanja linanyamuka, n'kuima m'malere. Kenako lamanzere nalo linasiya chogwirira. Zaka ziwiri sanaimepo osagwira kanthu! A Henrik anakuwa, anaponya chikwama. Iwo osawayang'ana n'komwe. Analandira ndi manja awiri, maondo aja ouma n'kupindika pang'ono, pang'ono zedi, koma ndinaona. Ndinawagwira m'zigongono asanagwe.

"Izinso ndi nkhuku?" Ndinati ndi nkhanga, Mayi. Anati bola.

Ndiye anafunsa kuti kwanu, akafuna kukulemekeza, amakuitana ndani. Ndinati Nambewe. Anayeserera kawiri, lilime likupunthwa. Kachitatu linatuluka bwino, m'Chichewa chenicheni: "Zikomo, Nambewe."

Chichokereni ku Mchinji, zaka zisanu ndi chimodzi, palibe anandiitanapo choncho. Ndinalira mu lifiti pobwerera, wachitetezo anandiona, zake zimenezo.

A Henrik atumiza chithunzi ali pabwalo la ndege. Mayi achifunda m'mapewa ngati shawelo, nkhanga zonse miyendo m'mwamba. Zilekeni, n'chawo.

3 koloko yakwana. Ketulo yawira, makapu ndatulutsa awiri, winayo ndaika kale pathireyi ndisanakumbukire kuti apita.