A Kalekeni Sanathawe

Lachitatu, 28 Setembro 2022

Pepa kope langa, ndabweranso ndi madandaulo. Ndilibe wina womuuza.

Kutentha. Servidori yazima kawiri lero. Kakomputadori kakale kamene Ivânia anandisiyira pansi pa tebulo la baraka yanga yotchajira matelefoni, pano pa Cassacatiza, popita kusukulu ku Tete. Mwana wangayo anati, "Mama, inu muzingoona kuti kanyali kobiriwira kakuyaka." Kungoona! Anthu oposa makumi asanu amasewera ntchuwa kudzera m'kabokosi kameneka, aliyense pa telefoni yake. Ambiri ndi anzathu a ku Ukwimi, kumene tinakhala nthawi ya nkhondo. Ena tinabwerera, ena anatsala ku Zambia komweko. Kanyali kakazima, onse amakalipira ine.

Kabokosiko ndakakweza pa njerwa. Fumbi ndachotsa ndi nthenga ya nkhuku. Rede, netiweki ya telefoni, nayonso mavuto okhaokha: ikangofooka ya kuno, imalumphira ya ku Zambia, megazi a intaneti n'kutha ngati madzi a m'lichero. Baxter wa mota, wonyamula anthu pa njinga yamoto uja, walemba kuti, "Mayi, servidori yanu ikuyenda ngati ng'ombe yobwera kolima." Ndamuuza agule yake.

Lachinayi, 29 Setembro

A Kalekeni atisiya. Dzulo madzulo, kwawo ku Mualadzi. Anangogwa pochokera kudimba.

Lachiwiri lomweli anali akusewera ndi a Andreya, mnzawo amene anatsala ku Ukwimi. Anasiyana tsiku lokwera malole obwerera kwathu. Zaka zonsezi osamvana, mpaka kabokosi kanga kanawakumanitsa chaka chatha. Chiyambire, kunyozana basi. "Iwe Mzambiya, zala zako zinaiwala kuwerenga maenje." Winayo: "Chete nkhalamba, ng'ombe zako ndidya zonse." Ine kumangoseka ndekha m'baraka.

Jogo yawo ya ntchuwa ija ikadali yotsegula. Woyenera kusuntha ndi a Kalekeni.

Lachisanu, 30 Setembro

Kumaliro, pa mota ya Baxter. Servidori ndinazimitsa ndisananyamuke. Pa maliro sipaseweredwa.

Pobwera, pakati pa msewu, ndinakumbukira mwadzidzidzi. Lamulo la Ivânia lija. Munthu akatha sabata osasuntha, servidori imatseka jogo, n'kulemba pamwamba poonekera aliyense: UJENI WATHAWA. Tsiku limene ankasankha mawuwo tinaseka. Ankafuna kuchititsa manyazi anyamata osiya jogo akaona kuti akudyedwa.

Sabata ya a Kalekeni ikwana Lachiwiri masana. Pa 4 Outubro, tsiku lokumbukira mtendere. Anthu sapita kuntchito, onse adzakhala pa telefoni.

Titangobwerera, amene anatsala kuno ankatitcha othawa. Pamjigo, kumsika, ngakhale kutchalitchi. Ndinali mtsikana, koma ndikukumbukira a Kalekeni atagwira malaya a munthu pachigayo. "Ine sindinathawe. Ndinakasungitsa ana." Kuyambira pamenepo palibe anawatchulira mawuwo pamaso. Lero atuluke m'baraka yanga, dothi la pamanda lisanaume?

Ndayatsanso, ndikuyembekeza kuti pozima paja nthawi inaimanso. Ayi. Yawerenga tsiku lonse.

Sindinadye.

Loweruka, 1 Outubro

Ivânia wayankha telefoni kachitatu. Mayeso. Akuti mawuwo ali m'kati mwa programa, adzasintha akabwera mu Dezembro. "Mama, ndi mawu chabe." Sindinamukalipire. Anabadwa mfuti zitatonthola kale.

Ndinamufunsa ngati palibe njira ina. Imodzi yokha. Winayo adine pamene palembedwa NDAGONJA, jogo itsekedwa, n'kulembedwa kuti a Kalekeni apambana.

A Andreya? Chaka chathunthu sanadinepo pamenepo ngakhale kamodzi. Ndipo jogo iyi ali patsogolo ndi iwo.

Ndaimbira amayi Albertina, akazi a malemu. Ndinaganiza kuti mwina titenge telefoni ya a Kalekeni, tisunthe kamodzi kokha, sabata iyambirenso. "Achemwali, katundu wa malemu sakhudzidwa asanagawidwe, inunso mukudziwa. Ndiye mukufuna akufa asewere ntchuwa?" Manyazi mpaka kumapazi. Akunena zoona.

Anandiuzanso china. A Andreya sanamve. Nambala yawo palibe ali nayo, amabwereka telefoni ya mdzukulu. "Inu ndi amene muli ndi njira yawo. Auzeni bwinobwino, mtima wawo ndi wodwala."

Ine? Uthenga wotere umayenda ndi miyendo. Munthu amafika, amakhala pansi, amayamba wamwa madzi.

Ndatsegula jogo yawo. Mamensaji atatu a a Andreya, osayankhidwa.

"Kalekeni, wagona?"

"Ukufunsira nzeru kwa mlamu? Naye sakupulumutsa."

"Chabwino. Sabata ikwane, dziko lonse liwerenge kuti wathawa."

Ndatseka baraka dzuwa likadalipo.

Lamulungu, 2 Outubro

Kutchalitchi thupi lokha. Ulaliki sindinaumve.

Mitambo kuyambira m'mawa, utsi wa otentha tchire pamwamba pake. Painelo la sola silikudzaza bateriya. Matelefoni a madalaivala a pafronteira, pamalire apa, ndawabweza onse, moto wotsalawo ukhale wa servidori. Ndalama ya lero palibe. Mmodzi anati, "Amayi, mwalemera eti?" Ndinangomupatsa telefoni yake.

Ndaganiza zonse. Ngati a Andreya sadina, Lachiwiri dzuwa lisanafike paliwombo ndizula chingwe. Kabokosi kakhale kozima mpaka Ivânia abwere. Mawuwo satuluka. Koma ndiye onse aja kuwasiyanitsanso: a Marcelina ndi mchemwali wawo wa ku Petauke, amene ntchuwa saidziwa n'komwe, amangolowa kudzapatsana moni. Ndi a Andreya, kungowatsekera chitseko, mnzawo ziii, osadziwa chifukwa. Miyezi iwiri. Ena mwa iwo ndi okalamba. Miyezi iwiri si yaifupi kwa okalamba, ndaona sabata ino.

Mutu ukupweteka. Kanyali ndakayang'ana mwina kosawerengeka. Kobiriwira.

Lolemba, 3 Outubro

Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Ndikukopera muno ndisanatumize, chifukwa pa telefoni zala zikuphonya.

Bambo Andreya, pepani pokusokonezani pakati pa jogo yanu. Ndine Madalena, mwana wa malemu a Welcome, uja munkamutuma madzi ku Ukwimi. Servidori iyi ili m'manja mwanga. Ngati mdzukulu wanu ali pafupi, muitaneni akhale nanu. Khalani pansi. Zikanatheka ndikanabwera ndekha, ndikanagwada pakhomo panu.

Mnzanu a Kalekeni atisiya Lachitatu. Sanavutike. Tawaika Lachisanu ku Mualadzi, pafupi ndi makolo awo. Mamensaji anu sanawaone, musadziimbe mlandu. Akanawaona akanaseka, n'kukuyankhani zoposa pamenepo.

Ndili ndi pempho lolemera. Mawa masana makinawa alemba kuti a Kalekeni athawa, ndipo ine sindidziwa kuwaletsa. Inu nokha mungathe. Pansi pa maenje pali polembedwa NDAGONJA. Ndikudziwa kuti jogo ndi yanu, ndawerenga ng'ombe zanu. Ndikudziwanso kuti simunagonjepo kwa iwo. Koma inu munali nawo paulendo uja, atanyamula ana awiri kumsana. Mukudziwa kuti sanathawe. Ngakhale pano sanathawe, angotsogola.

Ngati simungathe, sindikudandaulani. Ndizimitsa zonse mpaka Dezembro, ndipo mukaona mdima musaganize kuti takutayani. Koma chonde ndiyankheni mawa lisanakwane dzuwa la paliwombo. Ndikhala pompano, pambali pa kanyali.